Ndolo Imodzi ndi Ndodo Yolira

Taraz, 4 Epulo 2010

Mwana wanga Darkhan,

Landira moni wa ine mayi ako. Kuno tonse tili bwino, kuzizira kwatha, mitengo ya maapozi yayamba kuphukira. Kaya iwe ku Korea, pa sitima yako ya nsombayo? Ukudya koma? Pa chithunzi unatumiza chija masaya alowa m'kati, ndipo usandinamize kuti ndi chipewa.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Mlongo wako Nazym amuveka ndolo. A kwa Alibek anabwera Loweruka lapitalo, ndipo amayi ake a mnyamatayo, a Saltanat, anamuveka ndi manja awo monga mwa mwambo. Si ndolo za m'sitolo. Ndi zagolide, za kamwala kofiira, zimene iwonso anavekedwa ndi apongozi awo. A Saltanat anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo anthu amati ankaona batani losowa pa malaya a mwana wokhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Sasekaseka, koma Nazym anamugwira dzanja nthawi yaitali. Pa 29 Meyi abweranso ndi banja lonse kudzadya nafe chiwindi ndi mafuta a kumchira kwa nkhosa, kuti chisewele chimangike. Ukwati ndi mu Seputembala. Ubwera? Chaka chatha unati chaka chamawa, ndiye chaka chamawacho ndi chino.

Tsopano mlandu wako. Ndiwe unawatumizira bambo ako makina ofufuzira zitsulo pansi aja, n'kumati munthu wopuma pantchito asamangokhala. Mvula unalira ndiwe, koma matope tikuponda ndife. Munthu amene wayendetsa sitima zapanjanji moyo wake wonse, lero amadzuka m'mawa, n'kuvala zomvera m'makutu, n'kumakayenda m'paki chowerama akugwedeza ndodo yolirayo ngati akusesa. Chuma chimene apeza mpaka pano ndi zotsekera mabotolo, misomali, supuni yopindika ndi timakobidi ta boma lakale lija, toti sungagulire ngakhale machesi. Zonsezi amathira m'mabotolo anga a jamu.

Dzulo ndinawafunsa kuti, "Kodi chaka chino jamu ndithira m'matumba a malaya anu?"

Iwo akuti, "Mayi, mzinda uno unamangidwa pamwamba pa mzinda unzake. Tsiku lina mudzandiombera m'manja."

Manja anga ali ndi ntchito zina. Lemba msanga.

Ndine mayi ako,
Kulyash


Taraz, 19 Epulo 2010

Darkhan mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira nyanja ikukusunga bwino. Kalata iyi ndi ya amuna okhaokha, ukawerenga uing'ambe.

Sitima yachoka panjanji. Lachiwiri lapitalo ndodo inalira mokoma pafupi ndi kasupe wa m'paki. Kulira kwa msomali ndimakudziwa, uku kunali kwina. Ndinagwada n'kudula kapinga mozungulira ndi kafosholo kanga, kuti ndikatha ndibwezeretse. Ndisanafike n'komwe pa chinthucho, ndinangoona nsapato ziwiri patsogolo panga. Mwini wake anali mayi Raushan, woyang'anira paki, munthu wamfupi koma wa mawu omveka kutsidya kwa msewu.

"Bambo, mwataya chiyani pamenepo?"

"Sindinataye kanthu, mayi. Ndikufuna kupeza."

"Ndiye mwapeza ine."

Anaitana wapolisi, ndipo awiriwo anandiphunzitsa ngati mwana wa sukulu. Akuti kuyenda ndi ndodo palibe amene angandiletse, koma kukumba m'paki n'koletsedwa. Akuti dothi la mzinda uno ndi lakale, zogona pansi pake ndi za dziko, ndipo okumba ndi okhawo amene ali ndi chilolezo. Ndinawauza kuti maenje anga ndimakwirira. Mayiwo anangondiyendetsa paki yonse n'kumandilozera timalo ta kapinga wouma, tozungulira ngati mbale za tiyi. Tinali tanga, sindikanakana. Ine ndinkayesa kapinga amagwiranso. Chimene chinkalira chija anachitola ndi wapolisi: chivundikiro cha chitini cha nsomba, mwina zogwira iwe.

Ndodo aitsekera m'chipinda chosungira mafosholo. Akuti ndikadzachiritsa kapinga yense amene ndinapha, adzaganiza zondibwezera. Ndiye m'mawa uliwonse ndimapita kukabzala ndi kuthirira. Ndimameta ndevu kuti ndioneke munthu wanzeru, ndipo ndawapititsirako jamu ndi timitengo ta marozi ta m'munda mwa amayi ako. Mlandu suwola, koma mwina umafewa ndi jamu.

Kunyumba ndanena kuti makina anawonongeka, ali kwa mmisiri. Usawauze amayi ako. Akamva kuti ndinaimitsidwa ndi wapolisi asewele ali m'njira, ndidzamwa tiyi wozizira mpaka imfa. Komanso sindifuna kuti a kwa Alibek azinena kuti bambo wa mtengwa wawo ndi uja amakumba m'paki ngati nkhuku.

Bambo ako,
Orazbek


Taraz, 5 Meyi 2010

Achimwene,

Moni. Muli bwanji kumeneko? Ine sindili bwino, ndipo palibe wina amene ndingamuuze.

Ndataya ndolo imodzi. Tsiku la chikondwerero, pa 1 Meyi, anazika katungwe wamkulu uja m'paki, wokwera awiri choimirira. Tinakwera ine ndi Alibek. Iye ankakankha ngati akufuna tikafike kumitambo, ine ndikukuwa ndi kuseka. Ndili m'basi pobwerera ndinagwira khutu lakumanzere, mtima unangoti phwii. Munalibe kanthu.

Ndabwererako kangapo m'mamawa. Katungweyo anamuzula kale, pangotsala maenje a mitengo yake, ndipo udzu ndi wautali. Ndakwawa mpaka mawondo asupuka. Tsiku lina ndinawaona Ababa chapatali akuthirira kapinga, ndinabisala kuseri kwa mtengo. Chimene akuthiririra kapinga wa boma sindichidziwa. Ndinapitanso kwa wosula golide ndi ndolo yotsalayo, kuti andisulire inzake yofanana nayo. Anaitembenuza n'kunena kuti ndi ntchito ya manja akale, kamwala kotere sangakapeze, ndipo mwini wake angazindikire bodzalo ali pakhomo.

Alibek sindinamuuze, chifukwa amayi ake akangomuyang'ana amaulula ndi zimene sanafunsidwe. Ndikumapesera tsitsi mbali imodzi kuti libise khutu. Amayi akuti ndikuoneka ngati hatchi yosasamalidwa.

Ndinawapempha Ababa kuti andibwereke makina aja, ndinati ndikungofuna kuyesa. Anatsamwa ndi tiyi, n'kuti ali kwa mmisiri. Nditafunsa kuti mmisiri wake uti, anati anasamuka. Kodi inu mukudziwapo kanthu?

Mukudziwa zimene anthu amanena, kuti mtsikana wotaya ndolo ukwati usanachitike sangasunge nyumba. Mabanja ena amabweza mawu awo chifukwa cha zimenezi. A Saltanat akadzalowa pa 29, choyamba kuyang'ana ndi makutu anga. Ndimamukonda Alibek, achimwene, ndipo ndili ndi mantha. Chonde musawauze Amayi.

Mlongo wanu,
Nazym


Taraz, 9 Meyi 2010

Darkhan,

Moni, ngati ukadali ndi moyo. Kalata yanga ya mu Epulo sunayankhe. Kapena nsomba zakudyera cholembera?

Bambo ako apeza chuma chawo m'paki muja, ndipo chumacho chimavala yunifolomu yobiriwira. Makina akuti anawonongeka, koma kupaki sanaleke. Amameta ndevu tsiku ndi tsiku, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pamene ankandifunsira. Jamu wanga wa mapichesi akuchepa pashelefu. Marozi anga akuzulidwa limodzi limodzi, ine n'kumanamizira mbuzi ya aneba. Lachisanu ndinawatsatira. Ndinawaona ndi maso angawa akupereka rozi langa kwa mayi wina wamfupi, atawerama ngati mnyamata, chipewa chili m'manja. Pa ukalamba uno! Ine amene ndinkawadikira ndi tiyi wotentha sitima ikachedwa, sanandipatsepo ngakhale duwa la mbatata.

Nazym nayenso sakundisangalatsa. Sakudya, sakuseka, tsitsi lili kumaso. Ndikatchula a Saltanat amatuluka panja. Mwina Alibek sakumufunanso, mwina wamva za bambo ake ndiye manyazi amugwira. Ndikafunsa amati palibe.

Sindinanene kanthu kwa aliyense, ndipo iwenso usanene. Nkhosa ndagula kale. Ndipirira mpaka asewele adye chiwindi, kenako tidzaona amene atuluke m'nyumba muno ndi mabotolo ake a misomali.

Mayi ako,
Kulyash


Mokpo, 25 Meyi 2010

Ababa, Amayi ndi iwe Nazym,

Moni nonse. Ndili bwino, ndikudya, ndipo Amayi, chinalidi chipewa. Tinali panyanja kuyambira mu Malichi. Ndatsika dzulo n'kupeza makalata anayi akundidikira, atatu akuti usauze wina. Ine ndine msodzi, zogwira sindisunga, zimawola. Kalatayi ndapatsira mnzanga amene akukwera ndege mawa, kuti ikupezeni Loweruka lisanafike. Nazym, werenga mokweza pa tebulo, osadumpha mzere.

Amayi, Ababa alibe chibwenzi. Mayi wa yunifolomu uja ndi woyang'anira paki, anawalanda makina chifukwa chokumba, ndipo jamu wanu ndi marozi anu akupepesera mlandu. Ababa, Nazym wataya ndolo imodzi pamene panali katungwe, n'chifukwa chake ankafuna makina. Nazym, kulibe mmisiri. Amayi, kwezani tsitsi la mwana wanu, koma musamukalipire, walira kale mokwanira.

Ndinaseka mpaka anzanga ankayesa ndapenga, koma nditawerenganso ya Nazym kuseka kunatha. Anthu atatu, nyumba imodzi, aliyense akusenza denga yekha. Mawa lomwe pitani nonse kwa mayi Raushan mukawauze zoona.

Za Seputembala ndikulankhula ndi abwana.

Wanu,
Darkhan


Taraz, 30 Meyi 2010

Darkhan,

Moni, wachinyengo iwe. Ndinati ung'ambe, iwe walengeza pa wailesi. Komabe zikomo.

Kalata yako inafika Lachinayi. Nazym atatha kuwerenga, amayi ako anaimirira, anakweza tsitsi la mwanayo, n'kumukumbatira. Kenako anatembenukira kwa ine n'kuti, "Inu, mbuzi ya aneba ndinu?"

Lachisanu m'mawa anavala mpango wawo wa kuukwati n'kutitsogolera kupaki. Ine ndinali pambuyo ngati bogi yomaliza ya sitima. Atawapeza mayi Raushan, amayi ako anati, "Mayi, mwamuna wanga mwamusunga mokwanira, jamu mwadya. Tsopano ndipatseni ndodo yake." Mayi Raushan anayamba kufufuma, koma Nazym atawaonetsa khutu, anagwira khutu lawo n'kukhala pansi pabenchi.

"Ndolo za apongozi? Abwera liti?"

"Mawa."

"Mayo ine! Nanga bambo inu, sabata zonsezi mumangondiuza za sitima?"

Anakatenga ndodo okha. Anati kufufuza chinthu chimene wataya wekha, iwo akuyang'ana, palibe choletsa, koma kafosholo kanga kakhale m'thumba. Ndinavala zomvera m'makutu n'kuyamba pa maenje a katungwe. Posakhalitsa ndodo inalira. Tinapatula udzu, pamwamba panalibe kanthu. Chinthucho chinali m'dothi, popeza anthu anapondaponda pamalopo ndipo mvula inagwa. Tonse tinawayang'ana mayi Raushan. Iwo anayang'ana kumwamba, kenako anati:

"Bambo awa saloledwa kukumba. Koma kubzala maluwa ndi ntchito yanga, ndipo ndaona kuti pamenepo pakufunika rozi. Chikatuluka chakale chipita kwa osunga zakale, osati m'botolo la jamu."

Anabweretsa wilibala ya marozi a amayi ako, amene anali asanawabzale. Ndodo ikalira, iwo amakumba kadzenje, Nazym amasefa dothi ndi zala, amayi ako amaikamo rozi n'kumadandaula kuti silikula pamalo otere. Tinapeza zotsekera mabotolo, kiyi, chopanira tsitsi ndi dzino la foloko. Dzuwa likupendeka marozi anali atatha, pamalopo pakuoneka ngati munda wa mfumu, koma ndolo osaoneka. Nazym sanalire. Anangosasa mawondo n'kuthokoza mayi Raushan, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa misozi. Ndinalakalaka ndikanamvera lamulo pachiyambi, bwenzi ndodo ili m'manja mwanga tsiku lomwe ndoloyo inagwa.

Za Loweruka amayi ako akuti alemba okha, chifukwa ine ndimakometsera.

Bambo ako,
Orazbek


Taraz, 2 Juni 2010

Mwana wanga Darkhan,

Moni. Khala pansi, umve bwino, ndipo za bambo ako uchotsepo theka.

Loweruka m'mawa ndinamumanga Nazym mpango wophimba makutu onse. Ndinamuuza kuti, "Ukhale chete mpaka chiwindi chidyedwe. Chikadyedwa, chisewele sichibwerera." Usandiweruze, ndine mayi.

Alendo anafika, anakhala, mutu wa nkhosa unaperekedwa kwa amalume a Alibek. Nazym ankathira tiyi, ine mtima uli m'mwamba. Kenako mbale ya chiwindi ndi mafuta inalowa. A Saltanat atangotambasula dzanja, mlongo wako anaika ketulo pansi, anamasula mpango n'kugwada pamaso pawo.

"Amayi, musanadye. Ndolo imodzi ndataya. Tafunafuna sitinaipeze. Sindifuna kuti mudye musakudziwa."

Amalume aja anasiya kutafuna. A Saltanat anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Unataya kuti?"

"Pa katungwe, tsiku la chikondwerero."

"Pa katungwe sakwerapo munthu mmodzi. Mbali inayo kunali ndani?"

Alibek makutu anafiira ngati tomato. "Ndine, Amayi."

"Unkakankha bwanji?"

"Pang'ono chabe."

"Alibek."

"Mwamphamvu, Amayi. Mpaka anthu anatikuwiza."

"Ndipo mwafufuza pati?"

Bambo ako anayankha monyada kuti pansi penipeni pa katungwe, osasiya ngakhale pamodzi. A Saltanat anatseka maso ngati mutu wawapweteka. Anatenga supuni, anaikapo mphesa youma, anaigwedeza kawiri, mphesayo n'kuuluka kukagwera m'tiyi wa amalume.

"Zaka zonse ndaphunzitsa mumzinda uno zapita pachabe," anatero. "Chinthu chochoka pa katungwe sichigwa pansi pake, chimauluka. Vundikirani chiwindicho. Sindidya ndi mtengwa wa ndolo imodzi."

Apa ndinati basi, zatha. Koma iwo anali akuvala kale nsapato. "Mukudikira chiyani? Asewele, tengani ndodo yanu ija. Mzinda wonse umaidziwa."

Tinapita tonse, ndi zovala za phwando, nyama ikuzizira patebulo. Mayi Raushan atationa anayesa kwabwera nduna. A Saltanat anamuimika Alibek pamene anaima tsiku lija, anafunsa kumene Nazym anayang'ana, kenako anayenda kudutsa marozi anga onse mpaka pafupi ndi ngalande. Analoza ndi ambulera n'kuti, "Kuyambira apa."

Bambo ako anavala zomvera m'makutu pamwamba pa chipewa chawo cha phwando. Kwa nthawi yoyamba sindinachite nawo manyazi. Anayenda pang'onopang'ono, tonse tili pambuyo ngati anapiye. Ndodo inalira, chinali chotsekera botolo. Inaliranso, msomali. Itangolira kachitatu anaima chilili.

"Uku ndi kulira kwina," anatero.

Ine ndinati, "Muja munatero ndi chitini cha nsomba."

Mayi Raushan anali atakweza kale fosholo, akufunsa ngati pali amene ali ndi duwa. Koma bambo ako anagwada n'kupatula udzu ndi zala. Kamwala kofiira kanali pompo, pamwamba, kakutiyang'ana. Sipanafunike kukumba ngakhale pang'ono. Ananyamula ndoloyo, maso ali ndi misozi, n'kundiyang'ana.

"Mayi, m'manja muja?"

Ndinaomba, mwana wanga. Ndinaomba mpaka zikhatho zinawawa.

A Saltanat anaipukuta ndi kansalu kawo n'kumuitana Nazym. Pomuveka anati, "Ulendo woyamba ndinaveka mtsikana amene mwana wanga anasankha. Lero ndikuveka amene ndasankha ine. Ukanadikira kuti ndimeze chiwindi, chisewele chikanamangika, koma mawu ako sindikanawakhulupiriranso. Ndolo imatayika, mwana wanga. Chimene wachita pa tebulo paja ndicho chimasunga nyumba." Ine ndinayang'ana pansi, mpango uja uli m'manja mwanga.

Chiwindi tinadya chozizira, mafuta atagwirana, ndipo sindinadyepo chokoma chotero. Mayi Raushan tinawatenga, anakhala pambali panga. Ndi munthu wabwino, ndipo akuti jamu wanga amachepa shuga, zimene ndi bodza. Agwirizana ndi bambo ako kuti Loweruka lililonse azikathandiza anthu otaya makiyi ndi mphete m'paki, iwo akuyang'anira. Kafosholo ndasunga ine, m'kabati ya ziwiya.

Bambo ako akuti uwatumizire mabatire. Tumiza. Koma za "ndikulankhula ndi abwana" sindikuzifuna. Tonse tinali m'paki muja, ngakhale amalume a eni, ndipo pamene ndinkaomba m'manja ndinatembenuka kuti ndione ngati ukuseka. M'nyumba muno chotayika chatsala chimodzi, ndipo ndodo ya bambo ako sifika ku Korea. Ubwere wekha mu Seputembala.

Ndine mayi ako,
Kulyash